Chijasi cha Malemu Dunstan

1. Singano ndi ulusi basi

Anganile anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo vuto lake linali phuma. Buku ankaliyambira kutsamba lomaliza. Tiyi ankamumwa asanazizire, kenako n'kumadandaula lilime tsiku lonse. Mayi ake, a Phyllis, omwe anali namwino pachipatala china mu Leicester, ku Mangalande, ankati mwanayu anabadwa mwendo uli kale panjira.

N'chifukwa chake anthu anaseka atamva kuti Anganile yemweyo akufuna kusoka diresi lonse ndi manja.

Nkhaniyi inabwera ndi Hazel, mnzake wa kusukulu, mwana wa Chingerezi wa ku Wigston, dera la m'mbali mwa Leicester limene onse ankakhala. Makolo a Hazel anali m'kagulu ka anthu okonda mbiri yakale. Chaka chilichonse mu Ogasiti ankapita kuminda ya cha ku Bosworth, kumene kunachitika nkhondo ya mafumu zaka zoposa mazana asanu zapitazo. Kumeneko ankakhoma matenti, kuvala monga ankavalira anthu a nthawi imeneyo, kuphika ndi nkhuni, amuna n'kumayerekeza nkhondo pamaso pa odzaonerera. Chaka cha 2018 analola kuti Anganile apite nawo, akakhale m'tenti ya osoka, azikaonetsa alendo m'mene akale ankagwirira singano.

Koma kaguluko kanali ndi lamulo, ndipo mlonda wa lamulolo anali mayi a Hazel. Diresi likhale la ubweya weniweni wa nkhosa, ndipo lifike mu akakolo. Zipi ayi, mabatani apulasitiki ayi, makina osokera ayi. Wokhala m'tenti ya osoka avale chimene wasoka yekha. Wovala zobwereka sankamubweza, koma ntchito yake inali kutunga madzi ndi kutsuka miphika.

Nsalu Anganile anakaipeza ku Highfields, mu Leicester momwemo, m'sitolo ya a Naseem. Mayi ameneyu anali Mmwenye wobadwira ku Limbe, ndipo Chichewa ankachilankhula kuposa ana ambiri a Amalawi a mu Leicester. Anatsitsa mpukutu wobiriwira kuchokera pashelefu ya pamwamba, anayeza, anadula, koma sanampatse msanga. Anaika dzanja pansalupo.

"Tamvera kaye, mwanawe. Ine ndinakulira pansi pa tebulo lodulirapo nsalu, ndiye zimene ndikukuuzazi si za m'buku. Ubweya si chitenje. Ukalowa m'madzi koyamba umabwerera, ndiye kuti umafupika ndi kuthina. Usanayandikize sizasi, ukanyike kaye nsaluyi m'bafa, m'madzi ofunda pang'ono. Osafikisa, osapotokola. Ukaiyanike chogoneka pamthunzi masiku awiri. Ibwerere zobwerera zake zonse, kenako udule. Ukadula usananyike, tsiku lochapa udzalira. Ndipo makina ochapira isadzawaone n'komwe. Iyi ndi yomaliza. Kuno anthu sagula ubweya dzuwa likuswa mtengo, ndiye sindiodanso wina mpaka Okutobala. Wandimva?"

"Ndamva, Anti."

Kumva anamvadi, koma khutu lina linali kale pasiteji ya basi. Atafika kunyumba anayang'ana bafa, anayang'ana nsalu, anawerenga masiku awiri aja n'kuona ngati chaka. Dzuwa lisanapendeke anali atadula kale.

Tisamunamizire mwanayu, kusoka anasoka. Masabata asanu a holide anakhala pazenera la chipinda chake, chala chitabooka ndi singano, akulumikiza chidutswa ndi chidutswa. Msoko ukakhota ankauphwasula n'kuyambiranso, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Mayi ake akamachoka kupita kushifiti ankamusiya ali pamenepo, pobwera n'kumupeza ali pomwepo.

2. Sutikesi

M'nyumbamo munali chinthu china chimene sankachitchula kawirikawiri. Bambo a Anganile, a Dunstan, anamwalira mu Febuluwale chaka chomwecho. Chibayo chinawagwira Lolemba, pofika Lamulungu anali atapita. Anaikidwa m'manda mu Leicester momwemo.

Lamulungu lina, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti ulendo wa ku Bosworth ufike, Anganile anapeza mayi ake atagwada m'kachipinda ka alendo, akulongedza zovala za malemu m'sutikesi yaikulu. Mng'ono wa malemu, a Boyd, amene ankagwira ntchito ku Derby, anali atagula tikiti ya ku Malawi. Anati adzatenga katunduyo Lolemba la sabata yotsatira.

Pamwamba pa zonse panali chijasi chabulauni, chachitali, cholemera. Anganile ankachidziwa bwino. Ali wamng'ono, bambo ake ankamubisa m'kati mwake podikira basi m'nyengo yozizira, iye n'kumasuzumira pakati pa mabatani.

"Amami, chijasichi bwanji chitsale? Ndikuchifuna ine."

A Phyllis anasiya kupinda malaya. "Khala pansi ndikuuze, poti iwe unachoka kumudzi uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, zambiri sukuzidziwa.

"Bambo ako tinawaika kuno. Agogo ako ku Karonga sanaone nkhope ya mwana wawo, sanaponye dothi m'manda mwake. Kwa iwo maliro sanathe. Munthu akagona kutali chonchi, zovala zake ndizo zimapita kwawo m'malo mwake. Abale amasonkhana, amatsegula, amatulutsa chimodzichimodzi, amalira, kenako amagawana. Pamenepo m'pamene amavomereza kuti wapitadi. Chijasi ichi agogo ako achitchula ndi pakamwa pawo, chifukwa zithunzi zonse zimene bambo ako ankatumiza anali atavala chimenechi. Akuti akufuna kuchigwira.

"Ndiye pali china, ndipo ndikukuuza chifukwa wakula. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, kwa bambo ako ndine wobwera. Alipo ena kumeneko amene mpaka lero akufunsana kuti mwamuna wamphamvu angafe bwanji sabata imodzi, chonsecho mkazi wake ndi namwino. Pamaso panga sanena, koma mawu amandipeza. Agogo ako okha ndi amene akundiikira kumbuyo. Ndiye sutikesi iyi ikafike monga ilili. Pasasowe ngakhale batani. Iwe ndakusungira wotchi yawo ndi mabuku, zimenezo palibe amene azifunse."

"Wotchi sinunkhira adadi," anatero Anganile.

Mayi ake anayala chijasicho pamwamba, anachisisita ndi dzanja, n'kutseka sutikesi. Loko sanaike, chifukwa m'nyumba ya anthu awiri ungakiyire ndani?

3. Lachitatu

Diresi linatha Lachiwiri. Linali lokongola, inu, lobiriwira ngati masamba a mpiru, misoko yake yowongoka bwino. Koma masabata asanu a thukuta la m'manja anali atasiya mizere yakuda m'mbali, ndipo kutsogolo kunali kadontho ka tiyi.

Lachitatu m'mawa, mayi ake atapita kuntchito, Anganile anaima patsogolo pa makina ochapira diresi lili m'manja. Mawu a a Naseem anawakumbukira, musaganize kuti anaiwala. Anangodziuza kuti mphindi makumi atatu zokha sizingawononge kanthu. Anaponya, anatseka, anadina.

Chimene chinatuluka m'makinamo sichinali chimene chinalowa. Nsalu inali itakhuthala ngati bulangete. Analiyanika, anakoka uku, anakoka uko, koma ayi ndithu. Litauma analivala. Diresi lofika mu akakolo lija linathera m'munsi pang'ono mwa mawondo. Mikono yake inakanirira pachigongono, ndipo atakakamiza, msoko wina unang'ambika.

Anakhala pansi m'khitchini n'kulira. Atatha kulira anaimbira Hazel, yemwe anafika panjinga pasanathe mphindi khumi.

Hazel analizungulira diresi lija kawiri. "Amayi sangalole," anatero m'Chingerezi. "Pepa, Anga. Koma silinafe lonse. Pachifuwa likukukwanabe. Akale diresi likafupika ankalumikiza nsalu ya mtundu wina m'munsimu. Mikono ankatha kusoka payokha, n'kumaibaya ndi mapini paphewa. Zimenezo n'zololedwa. Chongofunika ndi ubweya wina."

"Ndiupeza kuti?"

"Ukalephera, ndili ndi diresi langa lakale. Ubwereke."

"Kuti ndikatsuke miphika?"

"Inenso ndinayambira kumiphika komweko."

Anganile sanafune kumva zimenezo. Anakwera basi ya m'tauni, analowa m'masitolo anayi a kaunjika, koma mu Ogasiti munali madiresi opepuka ndi makabudula okhaokha. Pomaliza anakafika kwa a Naseem, diresi lili m'jumbo.

A Naseem analitulutsa, analipsinya pakati pa zala, ndipo sanafunse chimene chinachitika. Sananene kuti ndinakuuza. Izi zinamupweteka Anganile kuposa kukalipiridwa.

"Ubweya ndilibe, mwanawe, ndipo ngakhale nditaimba foni lero sungafike Loweruka lisanakwane. Madzi akatayika saoleka. Bwereka la mnzako lija. Kutsuka miphika si matenda, ndipo chaka chamawa munda uja udzakhala uli pomwepo.

"Koma ndikuona maso akowa, sakufuna kugonja. Ndiye imva izi. Bambo anga anali ndi telala wina ku Limbe, waluso kwambiri. Tsiku lina analakwitsa kudula suti ya mkwati. M'malo moti anene, anakatenga nsalu ya kasitomala wina n'kukonzera. Kuti abise zimenezo anatenganso ya wachitatu, n'kumapitiriza choncho. Pomwe zinkadziwika, anthu anayi analibe zovala, ndipo mmodzi anali atamenya kale wantchito wake pomuganizira kuba. Kulakwitsa koyamba kuja bambo akanamukhululukira tsiku lomwelo. Chimene chinamuchotsa ntchito ndi zimene anachita pofuna kubisa. Munthu akalakwa amakhala ndi manyazi, ndipo manyazi ndi phungu woipa. Pita kunyumba, ukawauze mayi ako, ukagone. Usakadule kanthu kena sabata ino."

"Chabwino, Anti."

Mayi ake sanawauze. Atabwera kushifiti anamufunsa za diresi, iye anati latsala pang'ono.

4. Sizasi

Lachinayi a Phyllis anatuluka sikisi koloko isanakwane. Anganile anamva chitseko chikutsekeka, anamva mapazi akutsika msewu kupita kusiteji. Anadzuka, anamwa madzi, anayenda m'nyumba yonse ngati akufuna chinthu chotayika. Kenako analowa m'kachipinda ka alendo.

Anatsegula sutikesi kuti angoona. Anatulutsa chijasi kuti angochigwira. Kapepala ka pakhosi kanalembedwa kuti ubweya weniweni, wosasakaniza. Nsalu yake inali itavalidwa zaka khumi, mvula itaimenya kambirimbiri, moti zobwerera inali itabwerera kalekale.

Anaika nkhope yake m'chijasimo. Fungo la bambo ake linali lidakalimo, la sopo wometera ndi timaswiti ta pakhosi timene ankayenda nato m'thumba. Chisoni chinamugwira, ndipo pamwamba pa chisonicho panabwera mkwiyo.

"Adadi anali anga inenso," analankhula yekha mokweza. "Ku Karonga alandira mashati, masuti, nsapato. Ine bwanji?"

Mawu amenewa anali ndi choonadi chake, n'chifukwa chake anali oopsa. Akanawanena kwa mayi ake kachiwiri, kapena kwa a Boyd, mwina akulu akanakhala pansi n'kuona chochita. Koma iye anawanena kwa sutikesi, sizasi ili m'thumba la kabudula.

Anayamba ndi m'munsi. Anati adula kachidutswa kopyapyala, poti chijasi n'chachitali, palibe angazindikire. Atayeza padiresi anapeza kuti kachidutswako sikakukwana. Anadulanso. Atafika pamikono anaima nthawi yaitali, sizasi ili yotsegula. Mkono woyamba unamuvuta. Wachiwiri unangochoka mosavuta.

Chotsala anachipinda mochenjera, kolala ndi mabatani zili pamwamba, mbali zoduka zitalowa pansi. Anachibwezera pamalo pake n'kutseka. Poyang'ana mwachangu, chinkaoneka ngati chijasi chathunthu. Za tsiku limene sutikesi idzatsegulidwe ku Karonga sanafune kuziganiza, poti Karonga ndi kutali.

Masiku awiri amenewo anasoka kuposa m'mene anasokera masabata asanu aja. Analumikiza nsalu yabulauni kuzungulira m'munsi mwa diresi, timisoko ting'onoting'ono tofanana. Anachepetsa mikono ya bambo ake kuti ikwane mikono yake. Sanayatse wailesi, foni ya Hazel sanayankhe, chakudya chamasana anaiwala.

Lachisanu madzulo a Phyllis anafika atatopa, nsapato zili m'manja. Anagogoda pachitseko cha mwana wawo.

"Telala wanga, tione ntchito ija."

"Mudzaona pazithunzi, amami. Ndalongedza kale."

"Iii, mpaka kundimana? Chabwino. Bambo ako akanakhalapo bwenzi atauza Leicester yense. Ndakunyadira, wamva? Sindinkadziwa kuti ungakhale pansi n'kumaliza chinthu."

Anganile anayankha kuti zikomo, koma chitseko sanatsegule.

5. Loweruka m'mawa

Makolo a Hazel anati adzamutenga eyiti koloko, ndipo onse amayenera kunyamuka atavaliratu. Anganile anavala diresi m'chipinda mwake, mikono yabulauni ija anaiika m'chikwama. Anakonza zoti akamva hutala atsike mothamanga, atsanzike ali pakhomo.

Isanakwane hafu seveni, belu la pakhomo linalira. Sanali Hazel. Anamva mawu aakulu a a Boyd pabalaza.

"Alamu, pepani kukudzidzimutsani. Andisinthira mashifiti, Lolemba sindipezeka. Ndati ndingotengeratu lero. Mwana wanga ali kuti? Ndamva akupita kunkhondo."

A Boyd anali munthu wansangala. Pamaliro ndi iwo anathamanga ndi mapepala onse, ndipo mwezi uliwonse ankabwera kudzaona ngati m'nyumbamo muli chosowa. Anganile anawamva akutsitsa sutikesi, akuseka kulemera kwake. Anayamba kupemphera kuti angoinyamula n'kupita nayo kugalimoto.

"Titsegule tione limodzi, alamu," anatero a Boyd. "Si kuti ndikukukayikirani. Ndi mwambo chabe, kuti akakandifunsa ndikanene kuti ndinaona ndi maso anga."

"Tsegulani, alamu, palibe vuto."

Anganile anatuluka m'chipinda mwakachetechete n'kuima pakati pa masitepe. A Boyd anali atagwada pakapeti, msana atalozetsa kwa iye. Mayi ake anali ataima kutsogolo kwawo, atavala chitenje pamwamba pa zogonera.

Zipi inalira. A Boyd anagwira chijasi paphewa ndi manja awiri, mwaulemu, n'kuchikweza m'mwamba.

Chinatambasuka chopanda mikono, m'munsi mwake muli mano a sizasi, nsalu ya m'kati ikulendewera.

A Boyd anachitembenuza, anasuzumira m'sutikesi ngati mikonoyo yagweramo, anachitembenuzanso. Polankhula, mawu awo anali otsika.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Sindi... Lamulungu chinali bwinobwino."

"Chinali bwinobwino. Nanga m'nyumba muno mumalowa ndani?" Anaimirira, chijasi chidakali m'manja. "Alamu, ine ndakhala ndikukumenyerani nkhondo. Azakhali akanena zawo zija, ndimawauza kuti ndinali m'chipatala momwemo, ndinaona madokotala, ndinaona inu mukugona pampando masiku asanu ndi limodzi. Ndakangana ndi abale anga chifukwa cha inu. Tsono lero mukundipatsa ichi kuti ndikatule pamaso pa amayi?

"Inu ndinu mwana wa ku Malawi, simukufunika kuuzidwa. Kwathu, ngakhale kwanu ku Ntcheu, munthu sadula chovala cha mnzake, wamoyo kapena wakufa. Wodula amakhala akufuna kukapangira mankhwala. Ine zimenezo sindizikhulupirira kwenikweni, koma kumudzi ndi angati amene sazikhulupirira? Akakaona ichi sakafunsanso kuti Dunstan anafa bwanji. Akati yankho ndi ili. Mikono ya mkulu wanga yapita kuti?"

Zoterezi Anganile sanazimvepo. Iye ankaganiza kuti choopsa chachikulu n'kukalipiridwa chifukwa chowononga chovala.

Pamenepo a Phyllis anakweza maso ndipo anamuona. Anayang'ana nkhope yake, kenako maso anatsika ndi diresi lobiriwira mpaka m'munsi, pamene nsalu yabulauni inazungulira akakolo. Nsalu imeneyo anaipukuta ndi bulashi zaka khumi, sakanaisokoneza ndi ina. Anatseka maso pang'ono n'kuwatsegulanso.

Anganile anatsegula pakamwa, koma mayi ake anayamba ndiwo kulankhula.

"Ndadula ndine, alamu."

"Mwati bwanji?"

"Ndadula ndine. Ndinafuna kutsala ndi kanthu ka mwamuna wanga. Ndinalakwa."

"Kanthu? Mikono iwiri ndi theka la chijasi, kanthu? Nanga bwanji poyamba munati chinali bwinobwino?"

A Phyllis anangoyang'ana pansi.

A Boyd anapukusa mutu. Misozi inali italengeza m'maso mwawo, ndipo sanaibise. "Mwandipweteka, alamu. Ndikanyamula chonchi osanena, akakatsegula adzati tinapangana. Ndikachisiya, amayi akafunsa chijasi chili kuti. Palibe kuchitira mwina, ndiyenera kuwaimbira achimwene aakulu tsopano lino, adziwiretu."

Panja hutala inalira kawiri.

"Anganile," anatero a Phyllis, mawu ali phee ngati palibe chachitika. "Anzako afika. Tulukira kukhitchini, nsapato zako zili kumeneko."

Nsapato zinali pakhomo la kutsogolo, ndipo onse awiri ankadziwa zimenezo. Mayiwo ankafuna kuti mwana adutse kumbuyo kwa a Boyd asanatembenuke.

"Amami..."

"Ndati pita. Izi ndi nkhani za akulu."

A Boyd sanacheuke n'komwe. Anali akufufuza nambala pafoni, chijasi chili pamkono. "Pita, mwana wanga," anatero. "Usamve zimenezi."

Mawu ofunika anali atatu okha: ndadula ndine, ankolo. Anali pakamwa penipeni. Koma mantha ndi manyazi zinamukulira Anganile. Anatsika masitepe otsalawo, anadutsa kumbuyo kwa bambo ake aang'ono, anavala nsapato za mayi ake za kumunda zimene zinali pakhomo la khitchini, n'kuzungulira nyumba.

6. M'galimoto

Galimoto inali yodzaza ndi mitengo ya matenti, madengu ndi miphika yakuda. Hazel anamusunthira malo kumbuyo. Mayi a Hazel, atavala kansalu koyera kumutu, anatembenuka pampando wakutsogolo.

"Tiyeni tione, lamulo ndi lamulo," anatero m'Chingerezi. Anagwira m'munsi mwa diresi, anatembenuza mpendero, anayendetsa chala pamsoko. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwana iwe, ndakhala m'kagulu aka zaka makumi awiri, ndipo akulu ambiri sasoka chonchi. Ukhala kutsogolo kwa tenti, alendo aziyambira pa iwe. Ndipo ubweya wabulauniwu ndi wabwino zedi, masiku ano sapanganso wotere. Unaupeza kuti?"

Anganile anali akuyang'ana pazenera.

Chitseko cha kutsogolo kwa nyumba yawo chinali chitatseguka. A Boyd anatuluka n'kuima pakhonde, foni ili kukhutu, dzanja lina litagwira mutu. Kumbuyo kwawo, m'kati mwa nyumba, mayi ake anali atagwada pakapeti, akupinda zotsala za chijasi chija pang'onopang'ono.

Bambo a Hazel analiza injini. "Tonse takonzeka? Palibe waiwala kanthu?"

Zenera linali lotsitsa, ndipo mawu a a Boyd ankamveka mpaka pamsewu. Ku Karonga anali atayankha. Ankalankhula Chinkhonde, chilankhulo cha kwa bambo ake chimene Anganile sanachiphunzire. Pa zonse zimene ananena, iye anatolapo mawu amodzi okha, ndipo anawamva kawiri. Linali dzina la mayi ake.

Galimoto inayamba kuyenda, dzanja la Anganile lili pachotsegulira chitseko.